Kalembedwe ka buku la zilombo la masewera a madayisi

Gulu likakhala pansi kusewera Dungeons & Dragons kapena masewera ena a mtundu umenewu, katundu wolemera amagwera woyendetsa masewera, amene ambiri amangomutchula kuti GM. Wosewera aliyense amasamala munthu mmodzi, pomwe GM amasenza dziko lonse pamodzi ndi zoluma zonse za m'menemo. Buku la zilombo ndiye chida chake. Masewerawa adatuluka mu 1974 kuchokera kwa Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo buku lawo la zilombo, Monster Manual, lidatsatira mu 1977. Zambiri za m'mabuku otere zidachokera ku nthano za ku Ulaya. Gulu la ku Kawale kapena ku Area 25 silingagwidwe nthumanzi ndi troll, chimphona cha m'nthano za ku Ulaya, ngati momwe lingachitire likamva fisi akulira kuseri kwa khola, ndiye kulemba buku lanulanu n'koyenera. Chofunika kugwira ndi chimodzi: tsamba lililonse lizitheka kuliwerenga m'mphindi imodzi masewera ali mkati, osewera akudikira.

Malamulo ndi kukula kwa buku

Musayambe malamulo anuanu. Mu Januwale 2023 kampani ya Wizards of the Coast idaika chikalata cha malamulo a masewerawa chotchedwa SRD 5.1 pansi pa chilolezo cha Creative Commons, choncho mukhoza kumanga zilombo zanu pa malamulo amenewo, ngakhale kugulitsa bukulo, bola mulembemo mawu othokoza eni ake monga momwe chikalatacho chikunenera. Zilombo zina monga beholder ndi mind flayer mulibemo, ndipo zithunzi za m'mabuku awo si zanu.

Buku loyamba likhale la zilombo 12 basi. Zisanu zikhale zofooka, za CR 1/4 mpaka 1 (CR ndi mulingo wa kuopsa kwa chilombo). Zinayi zapakati, za CR 2 mpaka 4. Ziwiri zikhale mabwana a CR 5. Ndipo chimodzi chikhale chosapheka n'komwe. Olemba ambiri amathamangira zimphona za levulo 15 (levulo ndi msinkhu wa mphamvu umene osewera afika), pomwe magulu ambiri amathera m'malevulo oyambirira, motero theka la buku silitsegulidwa.

Musanalembe nambala iliyonse

Yankhani mafunso anayi, lililonse m'mizere iwiri. Chilombochi chikufuna chiyani? Chimasiya zizindikiro zotani? Chimamenya bwanji, ndipo chimathawa pakatani? Nanga osewera angachigonjetse bwanji popanda kuchibaya?

Funso la zizindikiro ndi limene limakometsa masewera. Lembani zitatu, kuyambira chakutali kufika chapafupi: agalu a mudzi wonse angoti zii, m'mawa nkhokwe yatsika koma loko ali chikhomere, kenako mapazi aang'onoang'ono alowera kudambo. Osewera akafika pa chizindikiro chachitatu amakhala atayamba kale kukangana za chochita, ndipo mkanganowo ndiwo masewera. Chilombo chongotumphuka m'tchire popanda chenjezo chimangokhala mulu wa manambala woti auchepetse.

Tengani ndondocha. M'nkhani za kwathu ndi munthu amene abale ake adamulira maliro koma wina adamutenga, kumudula lilime, n'kumamugwiritsa ntchito usiku kuti iye alemere. Mukamulemba ngati mdani wongomenya mwataya nkhani yonse. Mupatseni HP (nambala ya moyo, imene imatsika akavulazidwa) yochepa, 13 yakwana, alephere kulankhula, azithawa akaona moto, ndipo osewera alandire XP (mapointi okwezera levulo) yonse akamumasula pothyola chithumwa cha mwini wake, osati akamupha. Bwana weniweni wa nkhaniyo ndi mwini wakeyo, ndipo iye alandire tsamba lakelake.

Bokosi la manambala

Chitsanzo chikhale fisi wamatsenga wa m'nkhalango yonga ya Dzalanyama, wokonzera osewera anayi a levulo 3. Yambani ndi manambala 6 a thupi ndi mutu: mphamvu, changu, kupirira, nzeru, kuzindikira ndi chikoka, zomwe pa pepala zimalembedwa Str, Dex, Con, Int, Wis ndi Cha. Bonasi ya nambala iliyonse imapezeka pochotsa 10 n'kugawa pawiri, chotsala n'kutaya. Fisiyu akhale ndi Str 16, bonasi +3. Dex 14 ndi Con 14, bonasi +2. Int 8, bonasi -1. Wis 12, bonasi +1. Cha 14, bonasi +2.

HP imatsata kukula kwa thupi. Cholingana ndi munthu chimagwiritsa d8 (dayisi la mbali 8), chachikulu ngati ng'ombe d10, choposa apo d12. Pakatikati pa d10 ndi 5.5. Madayisi 7 a d10 akupereka 38, ndipo bonasi ya Con imawerengedwa pa dayisi lililonse, kutanthauza 14, zonse pamodzi 52. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amaphatikiza bonasi ya Con kamodzi kokha, HP n'kukhala 40, chilombo n'kufa raundi imodzi msanga (raundi imatha aliyense akachita kamodzi).

Zilombo za CR 0 mpaka 4 zili ndi bonasi ya luso ya +2, za CR 5 mpaka 8 zili ndi +3. Kuluma kwa fisi ndiye +5, yomwe ndi 3 ya Str ndi 2 ya luso, ndipo bala lake ndi 2d6+3 (madayisi awiri a mbali 6 kuphatikiza 3), pakatikati 10. AC, nambala imene womenya ayenera kufikira kuti amulase, ikhale 13: 10, kuphatikiza 2 ya Dex ndi 1 ya chikopa cholimba. Mphamvu yake yapadera ikhale imodzi yokha, chikhakhali. Aliyense amene ali pasanathe mapazi 30 aponye Wis kulimbana ndi DC (nambala yoti aifikire kuti apulumuke) 12, yomwe yachokera pa 8, luso 2 ndi Cha 2. Wolephera agwidwa mantha mpaka nthawi yake yotsatira itatha. Fisi akaseka, GM aziponya d6 poyamba nthawi ya fisiyo, ndipo chikhakhali chibwerere pokhapokha pagwa 5 kapena 6. Mukachilola raundi iliyonse, wosewera wina adzakhala usiku wonse osachita kanthu, ndipo Loweruka lotsatira simudzamuona.

Tsopano yesani masamu. Msilikali wa +5 akufunika 8 kapena kuposa pa d20 kuti alase AC 13, ndiye mbali 13 mwa 20, kapena 65 peresenti. Lupanga la 1d8+3 limapereka 7.5 pakatikati, choncho pa raundi akuchotsa pafupifupi 5. Anthu anayi akuchotsa cha m'ma 20, ndipo fisi wa HP 52 akhala maraundi atatu. Ndi mulingo wabwino umenewo: osakwana awiri, chilombo chimafa chisanaonetse luso lake, kupitirira asanu, anthu amayamba kugwira mafoni. Yang'ananinso mbali inayo. Wosewera wamatsenga wa levulo 3 wa Con +1 amakhala ndi HP 17. Kuluma kumodzi kwa 10 kumamusiya wamoyo, koma kuwiri pa raundi imodzi kumamugwetsa asanaponye dayisi. N'chifukwa chake fisiyu aziluma kamodzi, ndipo mungamulembe CR 2, XP 450.

Chilombo chimodzi pakati pa anthu anayi chimachita kamodzi iwo akuchita kanayi. Kuchulukitsa HP sikuthetsa vutoli, kumangotalikitsa ndewu. Chipatseni afisi wamba atatu oti azizungulira, kapena malo omenyerana akhale ochithandiza: udzu wautali, mdima, chigwembe choti chidumphe osewera n'kutsalira tsidya lino.

Chosapheka, ndi zosayenera kukhudza

Napolo musamupatse HP. Chinjoka chotuluka m'phiri n'kukokolola midzi chikakhala choti anthu anayi angachibaye ndi mikondo, ulemerero wake watha. Mulembeni ngati tsoka loyenda pa nthawi: raundi 1 phiri lilindima, raundi 3 madzi afika m'maondo ndipo liwiro la aliyense litsika ndi theka, raundi 5 miyala igwa ndipo wolephera Dex DC 14 alandira bala la 4d6. Kupambana n'kupulumutsa anthu, ndipo XP iwerengedwe pa mabanja amene afika pamtunda. Kumbukirani kuti Napolo kuno si nthano chabe. Dzinali limatchulidwa pa zimene zidachitika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, komanso pa namondwe Freddy mu 2023, ndipo mu Lilongwe muli anthu ambiri ochokera kumeneko. Pamwamba pa tsambalo lembani kuti GM ayambe wafunsa gulu.

Gule Wamkulu asalowe m'buku la zinthu zophedwa. Ndi mwambo wamoyo wa Achewa, umene UNESCO idauzindikira mu 2005, ndipo eni ake ali pompano m'midzi yozungulira mzindawu. Anamapopa nawonso asiyeni, chifukwa mphekesera zawo zidaphetsa anthu enieni m'chigawo cha kum'mwera mu 2017. Mukamalemba za ufiti, mfiti isakhale gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi, pakuti okalamba akuzunzidwabe chifukwa cha maganizo omwewo. Mayina a midzi ndi a mafumu akhale opeka.

Kusindikiza ndi zida za patebulo

Zilombo 12, chikuto, tsamba la zamkatimu ndi chilolezo, tebulo la zokumana nazo pa njira ndi chikuto chakumbuyo zikupanga masamba 16 a A5, omwe ndi mapepala 4 a A4 opindidwa pakati. Masamba a kabuku kotere amayenera kugawika ndi 4; mukalemba 18 mudzatsala ndi awiri opanda kanthu. Tsamba 16 limagona mbali imodzi ndi tsamba 1, kuseri kwake 2 ndi 15. Adobe Acrobat Reader ili ndi Booklet ndipo LibreOffice ili ndi Brochure, zomwe zimasanja zokha. Pamalo osindikizira a ku Old Town pemphani kope limodzi loyesera poyamba, chifukwa makina akatembenuzira pepala mbali yolakwika masamba akuseri amatuluka chadodolido. Mkati muike pepala la 80gsm, chikuto cha 160gsm, ndi mawaya awiri pamsana. Zilembo zisachepere 10pt, popeza bukuli lidzawerengedwanso ndi tochi magetsi atazima, ndipo zithunzi zikhale za mizere yakuda yokha, chifukwa fotokope imasandutsa mithunzi yotuwa kukhala chimdima.

Madayisi a d20 savuta kuwapeza pa foni, koma makhadi amagwiranso ntchito: akuda kuyambira A mpaka 10 aimire 1 mpaka 10, ofiira aimire 11 mpaka 20. Khadi lotengedwa lizibwezedwa n'kusakanizanso, kupanda apo osewera amawerenga zotsala n'kudziwiratu kuti 20 yatuluka kale. Mabala a zilombo zanu muwalembe ndi d6 paliponse pamene mungathe, chifukwa dayisi la ludo lili pafupifupi m'nyumba iliyonse. Zitsekerero za mabotolo zimakwana pa bokosi limodzi la mapu loimira mapazi 5. Chilombo chachikulu ngati fisi uja chimadya mabokosi anayi, ndiye chiduleni pa katoni.

Chilombo chilichonse chiseweredwe kawiri musanasindikize makope ambiri, ndipo ulendo wachiwiri chiyendetsedwe ndi GM wina, inu mutakhala chete pambali. Lembani maraundi amene ndewu yatenga, HP imene osewera atsala nayo, ndi paliponse pamene GM waima n'kufunsa tanthauzo. Mphamvu imene waiwala kugwiritsa ntchito maulendo onse awiri ichotsedwe, ndipo chiganizo chimene wawerenga kawiri chilembedwenso.