Malangizo ocotsela loko yakale na kuikapo loko ya silinda

Malangizo aya ni a loko yolowa m'kati mwa citseko, imene kiyi yake imatembenuka mu silinda, kacitsulo kapadela kamene kamapyola pa citseko na loko. Ilowa m'malo mwa maloko akale a 2-lever kapena 3-lever, aja a kiyi yaitali amene ali m'nyumba zambili za ku Chilenje, Matero na Kabwata. Ngati nyumba ni ya lendi, yambani mwakambilana na eninyumba, cifukwa nchitoyi imasiya mabowo atsopano pa citseko.

Musapite kukagula musanapime. Anthu ambili amafika ku mashopu a ku Kamwala n'kungoti "nipatsenkoni loko ya citseko," ndiye pofika ku nyumba apeza kuti handulo ili kwina, bowo ili kwina. Cotsani loko yakale coyamba, muipime, kapena muinyamule m'thumba mupite nayo.

Kuicotsa n'kosavuta. Tsegulani citseko, muike kathabwa pansi pake kuti cisamayende. Masulani masikulu a mahandulo mbali zonse ziwili, musolole kacitsulo ka makona anayi kamene kamalumikiza mahandulo. Kambili kamakhala ka mamilimita 8. Masulani masikulu awili a m'mphepete mwa citseko, lowetsani sikuludilaiva m'bowo ya kacitsulo kaja n'kukankhila loko kunja. Ngati penti inaumilapo, iduleni na mpeni m'mbali mwake. Musanyule na mphamvu, thabwa lingang'ambike.

Miyeso yofunika ni itatu. Woyamba ni kucoka m'mphepete mwa citseko kufika pakati pa bowo ya handulo: maloko ambili akale ni mamilimita 44 kapena 57, ndipo yatsopano ifunika kulingana nayo. Waciwili ni kucoka pa bowo ya handulo kufika pa bowo ya kiyi. Pa maloko akale nthawi zambili ni 57, koma pa maloko a silinda umasiyana, ena 48, ena 72, ena 85. N'cifukwa cake mahandulo akale sagwilizana na loko yatsopano. Gulani loko na mahandulo ake pamodzi. Wacitatu ni kucindikala kwa citseko, kumene kumakuuzani utali wa silinda, kaya ya mamilimita 60 kapena 70.

Pa silinda pamafuna cidwi. Ikalowa, isatulukile kunja kwa mbale ya handulo kupitilila mamilimita atatu. Ikatulukila kwambili, wakuba amaigwila na pulayala n'kuithyola pakati, pamene pali bowo ya sikulu, cifukwa m'pamene ili yofooka. Loko ingakhale yodula bwanji, silinda yotalika kwambili imaononga zonse.

Yesani loko yatsopano m'dzenje lakale. Ngati yathina, sepani pang'onopang'ono na chizulo, m'mbali zonse mofanana, osaikhomela na hamala. Ngati dzenje lakula, ikani tuzidutswa twa thabwa na guluu kuti isamagwedele. Onaninso kalilime ka loko, kaja kamene kamabwelela m'kati mukatsitsa handulo: mbali yake yosetseleka iyang'ane kumene citseko cimatsekela. Pa maloko ambili kamatembenuzika, ndipo kapepala ka m'bokosi kamaonetsa mocitila.

Bowo ya kiyi yakale ni yaing'ono. Lembani na pensulo pamene silinda idzapita, mucotse loko, muboole kucokela mbali zonse ziwili kuti thabwa lisagamphuke. Silinda ili na mutu wozungulila wa mamilimita 17, ndipo kucoka pamwamba kufika pansi ni 33. Citseko ca mukwa n'colimba, cimafuna cobowolela cakuthwa na kuleza mtima. Zitseko zopepuka za m'zipinda, zija zamphako m'kati, zili na thabwa lolimba m'mphepete na pafupi na loko cabe, conco musakulitse bowo mopitilila.

Bwezani loko, mumange masikulu awili. Lowetsani kiyi mu silinda, muitembenuze pang'ono mpaka kadzino ka pakati pa silinda kabisale, kenako lowetsani silinda. Imangeni na sikulu yaitali yocokela m'mphepete mwa citseko. Musaimange kwambili, kiyi ingayambe kulimba. Ikani kacitsulo na mahandulo.

Yesani kukhoma na kutsegula kangapo citseko cili cotsegula. Citani izi musanacitseke ngakhale kamodzi. Kudzikhomela m'cipinda na loko yosayesa kumathela pa kuitana kalipentala kuti aloŵele pa windo.

Cotsala ni felemu. Pakani coko kapena pensulo pa nsonga ya mpilingidzo, tsekani citseko, tembenuzani kiyi, ndipo cizindikilo cidzaonetsa pamene bowo ifunika kukhala. Pa felemu ya thabwa, sunthani kambale kacitsulo kamene mpilingidzo umalowamo n'kusepa. Nyumba zambili mu Lusaka zili na mafelemu acitsulo, ndipo pamenepo mukulitse bowo na tupa. Ngati yaphonya kwambili, itanani wowochelela. Siyani kampata kocepa, cifukwa m'nyengo ya mvula, kuyambila Novembala, zitseko za matabwa zimafufuma.

Mu silinda musathile mafuta ophikila kapena oilo ya galimoto. Fumbi la mu Ogasiti na Seputembala limamatilila pamenepo, tumapini twa m'kati mwa silinda n'kuleka kuyenda. Pakani mtovu wa pensulo pa kiyi, muilowetse na kuitulutsa kangapo. Makiyi otsala musawasunge onse pa mphete imodzi.