Lekani kuuzira makatiriji a NES

Amene mukusungabe NES, makina a magemu a Nintendo omwe anafika pamsika ku America mu 1985, chonde lekani kuuzira makatiriji ake (timabokosi ta magemu timene mumalowetsa m'makinawo) ndi pakamwa. Kagetsi kofiira kakayamba kuphethira, gemu osatuluka pa TV, ambiri amazula katiriji n'kuuzira. Ikagwira amati mpweya wathandiza, pamene chathandiza n'kuizula ndi kuilowetsanso. Mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho, ndipo pakapita zaka tizitsulo ta m'mphepete mwa katiriji timathimbirira n'kuyamba kudyeka.

Vuto lenileni lili pamene katiriji imakumana ndi makina. Pamenepo pali timano 72, ndipo tikada kapena kukhwepa, chip ya 10NES (kachipangizo ka m'makinamo kotsimikizira kuti katiriji ndi yovomerezeka) imalephera kuzindikira katirijiyo, n'kumangoyambitsanso makinawo sekondi iliyonse. Kuphethira kuja ndi kumeneko.

Tengani kathonje kotokosera m'khutu, kanyowetseni pang'ono ndi isopropyl alcohol (mankhwala amadzimadzi otsukira zipangizo zamagetsi) ya 90% kapena kuposa, mupukute tizitsulo ta katiriji tija mbali zonse ziwiri. Thonje likada tengani lina, mpaka lizituluka loyera. Dikirani paume musanailowetse. Sandipepa ayi, imapala golide wopyapyala amene amateteza mkuwa, ndipo akachoka sabwereranso.

Samalaninso magetsi. Adaputa ya NES ya ku America ndi ya 120V, pamene ku Malawi ndi ku Zambia m'nyumba mumabwera 230V, choncho pamafunika step-down transformer, chipangizo chotsitsa mphamvu ya magetsi. Komanso adaputayo imatulutsa magetsi a mtundu wa AC, musayese kuilumikiza ku Famicom (makina a magemu a Nintendo a ku Japan), imene imafuna magetsi a mtundu wina, a DC. Famicomyo ikhoza kupsa nthawi yomweyo.