Momwe mungagulitsire pa intaneti katundu wakale wa makolo popanda kuluza kapena kudana ndi abale

Munthu akafika zaka za m'ma 40 kapena 50 imamupeza ntchito imene palibe anamukonzekeretsa: kutsegula masutikesi ndi makabati a makolo amene akalamba, asamukira m'nyumba yaing'ono, kapena atisiya. M'menemo mumatuluka makina osokera, wailesi yoti inasiya kalekale kulankhula, zimbale za galamafoni, mawotchi oima, majekete onunkha chinyezi. Zina mwa zinthu zimenezi pali anthu amene akuzisakasaka, ndipo pa intaneti n'zotheka kuwapeza. Koma ambiri amaluza chifukwa cha phuma. Amatsuka chosafunika kutsuka, amatchula mtengo asanadziwe chimene agwira m'manja, kapena amagulitsa chinthu chimene mchemwali wawo ankachiwerengera.

Yambani ndi anthu, katundu adikire

Ngati kholo lili moyo, mwini katundu ndi iyeyo, ngakhale litafooka bwanji. Lifunseni za chinthu chilichonse pachokha, ndipo likakana chisiyeni. Pamene mukufunsa, tsegulani chojambulira mawu pa foni kuti akuuzeni anachigula liti, kuti, kapena anawapatsa ndani. Mbiri imeneyi ogula amaifuna, ndipo banja lidzaifuna koposa tsiku limene wofunsidwayo sadzakhalaponso.

Ngati kholo linamwalira, musagulitse kalikonse chuma cha masiye chisanagawidwe motsata wilo kapena malamulo a dziko lanu. Zikatha zimenezo, jambulani chinthu chilichonse, chipatseni nambala, tumizani zithunzizo kwa abale onse nthawi imodzi, ndipo apatseni masabata awiri kuti aliyense anene chimene akufuna kusunga. Gwirizanani polemba mmene ndalama zidzagawidwire, kuphatikizapo gawo la amene akugwira ntchito yogulitsayo, chifukwa ntchitoyo ndi yaikulu. Amati chibale ndi fupa, sichiola, komabe abale ambiri anasiya kuyankhulana chifukwa cha wotchi imodzi imene inagulitsidwa mwakachetechete.

Makalata, zithunzi za banja, mapasipoti ndi ziphaso zikhale pambali. Ndalama zake n'zochepa, ndipo mapepala okhala ndi mayina ndi masiku obadwa akhoza kugwiritsidwa ntchito ndi akuba. Pisani m'matumba a zovala ndi pakati pa masamba a mabuku musanazichotse m'nyumba.

Musathamangire sopo ndi polishi

Burashi yofewa ndi kansalu kouma n'zokwanira pa tsiku loyamba. Valani chotchinga pakamwa ndi mphuno, chifukwa fumbi la nkhungu limadzutsa chifuwa. Ndalama zachitsulo zakale musazikweche ngakhale pang'ono. Osonkhanitsa amafuna mtundu umene zakhala nawo chifukwa cha zaka, ndipo yopukutidwa mpaka kuwala amaitsitsa mtengo kwambiri. Mpando kapena kabati musaipale ndi sandipepa kapena kuipakanso penti. Makina osokera akuda aja okhala ndi maluwa agolide apukuteni ndi mafuta a makina osokera basi, popeza spiriti ndi sopo wamphamvu zimafufuta maluwawo. Zimbale zolemera za galamafoni zozungulira ka 78 pa mphindi nazonso zisakhudzane ndi spiriti, imazisungunula.

Wailesi, nyale kapena ayironi yakale musailumikize ku magetsi kuti "muone ngati ikugwira". Mphira wokuta mawaya umauma n'kusweka, ndipo zida za mkati mwa wailesi imene yakhala zaka zambiri osayatsidwa zikhoza kupsa nthawi yomweyo. Ipititseni kwa wokonza, apo ayi lembani kuti siinayesedwe. Chotsani mabatire onse. Ngati anatayikira n'kusiya ufa woyera, pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono mu viniga, kenako muumitse. Wotchi yopangidwa zaka za m'ma 1960 zisanafike imene manambala ake anapakidwa utoto wowala mumdima musaitsegule, chifukwa utotowo nthawi zambiri unkakhala ndi radium, yomwe fumbi lake ndi loopsa m'thupi.

Dziwani chimene mwagwira

Apa ndi pamene pagona ndalama, choncho khalanipo nthawi. Pezani galasi lokulitsa zinthu ka 10 ndi tochi. Maso a munthu wopitirira zaka 40 saonanso bwino timalemba tapafupi, ndipo timalemba timeneti ndi timene timasiyanitsa chinthu chamtengo ndi chinthu wamba. Tembenuzani chilichonse, muone pansi, kumbuyo ndi mkati.

Pamsika uwu pali mawu awiri ofunika kuwadziwa. Vintage ndi chinthu cha zaka 20 kapena kuposa, ndipo umenewu ndiye muyeso umene Etsy, tsamba la malonda la pa intaneti, imagwiritsa ntchito. Antique ndi cha zaka 100 kapena kuposa. Mukalemba mawu olakwika, wogula ali ndi chifukwa chobwezera katundu.

Dzina la dziko limathandiza kudziwa zaka. Cholembedwa "Made in West Germany" n'cha pakati pa 1949 ndi 1990. "Made in Occupied Japan" n'cha zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kulekeza 1952. "USSR" sichingapitirire 1991, ndipo "Czechoslovakia" sichingapitirire 1992. Ngati pabokosi pali timizere ta barcode, chinthucho sichinapangidwe 1974 isanafike. Ngati pali adiresi ya pa intaneti, n'cha m'ma 1990 kapena pambuyo pake.

Pa zitsulo, nambala 925 ikutanthauza siliva weniweni, ndipo pa siliva wa ku England pamakhalanso kachithunzi ka mkango woyenda. Malemba akuti EPNS akutanthauza chitsulo china chongokutidwa siliva, ndipo masipuni ambiri a m'makabati ndi otero. Pa golide, amene kuyera kwake amakuyeza m'makarati, 375 ndi makarati 9, 585 ndi makarati 14, 750 ndi makarati 18. Maginito akakakamira, dziwani kuti si siliva kapena golide. Akapanda kukakamira musasangalale msanga, pakuti mkuwa nawonso sukoka maginito.

Makina a Singer ali ndi nambala yodindidwa pachitsulo chapansi, kawirikawiri kutsogolo chakumanja, ndipo pa intaneti pali ndandanda zosonyeza chaka cha nambala iliyonse. Kunena zoona, makina akuluakulu akuda aja anapangidwa mamiliyoni ambiri, motero mtengo wake sukhala waukulu monga mabanja amaganizira. Amene amafunidwa kwambiri ndi aang'ono a mtundu wa 221 Featherweight, amene anayamba kupangidwa mu 1933 ndipo amalemera pafupifupi makilogalamu 5.

Pa chimbale cha galamafoni, nambala yofunika ndi imene inalembedwa pamalo osalala apakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala lapakati. Ilembeni pa Discogs, tsamba la pa intaneti la ndandanda za zimbale, mudziwa ngati chimbale chanu n'cha ulendo woyamba kusindikizidwa kapena chobwereza. Mbale yadothi igogodeni ndi chikhadabo: yabwino imalira, yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phu. Pa matabwa, timabowo tokhala ndi ufa watsopano tikusonyeza kuti tizilombo tikadali mkati, ndipo chotero sichiyenera kutumizidwa kwa munthu.

Chilichonse chooneka ngati mnyanga wa njovu kapena chigoba cha kamba wa m'nyanja chichotseni pa ndandanda. Pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zakutchire la CITES linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, eBay, msika wa pa intaneti, inailetsa pa tsamba lake mu 2009, ndipo kunena kuti "n'za agogo" sikukutetezani pamaso pa lamulo.

Mtengo

Musayang'ane mitengo imene ena akupempha, popeza aliyense akhoza kulemba nambala imene wafuna. Pa eBay sankhani kuona zimene zagulidwa kale. Imakuonetsani za masiku 90 apitawa. Pezani zinthu zisanu zofanana ndi chanu pa mtundu ndi pa kutha kwake, tayani mtengo wapamwamba kwambiri ndi wotsikitsitsa, muyambire pakati pa itatu yotsalayo. Pamenepo chotsani zolipira. Etsy imadula 6.5 peresenti pa ndalama zonse, kuphatikizapo zotumizira, kuwonjezera pa kandalama koikira chinthu pamsika kwa miyezi inayi ndi zolipira polandira ndalama. Chotsaninso katoni, tepi ndi ulendo wa ku positi. Chotsalacho chikakhala chosakwanira ola la ntchito yanu, phatikizani zinthu zingapo muzigulitse pamodzi.

Mtengo umene mupeze ukhoza kukuwawani, makamaka pa chinthu chimene mayi anu ankachisamala ngati dzira. Wogula salipira chikumbutso chanu. Mukaona kuti mtengowo ukukupwetekani mtima, chimenecho n'chizindikiro chakuti chinthucho musachigulitse chaka chino.

Fufuzaninso ngati tsamba limene mwasankha limalola ogulitsa a m'dziko lanu, chifukwa Etsy silandira masitolo atsopano kuchokera m'mayiko onse. Zolemera monga makabati ndi makina achitsulo zimayenda bwino pa Facebook Marketplace, pomwe wogula amadzatenga yekha. Zing'onozing'ono zamtengo ndi zimene zimayenera kutumizidwa kutali.

Zithunzi ndi mawu

Jambulani pafupi ndi windo masana, pansalu yoyera kapena yotuwa, osayatsa fulashi. Tengani kutsogolo, kumbuyo, pansi, chizindikiro cha wopanga, ndi chilema chilichonse pafupi, mutaikapo lula kuti kukula kwake kuoneke. Chilema chimene mwachionetsa chimangotsitsa mtengo pang'ono. Chimene mwabisa chimabweretsa katundu yense, inu n'kulipira ulendo wobwererawo.

Mutu wa malonda pa eBay umalola zilembo 80. Ikanimo dzina la wopanga, mtundu, zaka ndi zipangizo zimene anachipangira; mawu ngati "chokongola" palibe amawasaka. Pa zovala musadalire saizi ya pakolala, chifukwa masaizi akale ndi aang'ono poyerekeza ndi a lero. Yalani chovala patebulo, muyeze m'masentimita kuchokera kukhwapa kufika kukhwapa, phewa kufika kumunsi, mkono ndi chiuno. Chiunikeni kudzuwa kuti muone mabowo a njenjete, yesani zipi, ndipo ngati chikununkha utsi wa fodya kapena chinyezi, nenani.

Kulongedza

Longedzani ndi kuyeza pasikelo musanaike malonda pa intaneti, kuti mudziwe mtengo weniweni wotumizira. Makampani otumiza katundu amalipiritsanso kukula kwa katoni. Ambiri, monga DHL, amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya 40 x 40 x 30 imawerengedwa ngati makilogalamu 9.6 ngakhale mkati muli chipewa chokha. Apa ndi pamene ogulitsa atsopano amathera phindu lawo.

Chosweka chilowe m'makatoni awiri. Chikulungeni pachokha, chivundikiro padera, ndipo musiye masentimita 5 a zofewa mbali zonse, komanso pakati pa katoni yamkati ndi yakunja. Igwedezeni, mukamva chikusuntha, tsegulani muwonjezere. Nyuzipepala isakhudze nsalu kapena dothi losapakidwa, inki imatsalira. Chimbale chitulutseni m'chikuto chake, muchiike pambali pa chikutocho pakati pa makatoni olimba, kuti m'mphepete mwake musang'ambe chikuto panjira. Makina osokera achotseni m'bokosi lake lamatabwa, chifukwa chitsulo cholemera makilogalamu oposa 10 chimaswa bokosilo katoni ikagwa. Ponyamula, pindani mawondo kapena itanani wina. Msana wa zaka 50 suchira msanga.

Tumizani ndi nambala yolondolera katundu, sungani lisiti, ndipo pa fomu ya kasitomu lembani mtengo weniweni. Wogula akakupemphani kuti mulembe kuti ndi mphatso, kanani, chifukwa inshuwalansi imalipira zimene munalemba.

Ndalama

Chithunzi cha lisiti kapena uthenga wonena kuti ndalama zatumizidwa si ndalama. Tsegulani akaunti yanu nokha muone kuti zalowa musanapereke katundu. Akamberembere ali ndi njira zodziwika: amati alipira zopitirira ndiye mubweze zapamwamba, amapempha nambala yachinsinsi imene yabwera pa foni yanu, kapena amakukokerani kunja kwa tsamba kumene kulibe chitetezo. Wodzatenga yekha mukumane naye masana pamalo a anthu ambiri. Ngati chinthucho n'cholemera moti ayenera kubwera kunyumba, pakhale munthu wina, ndipo musamuitanire kunyumba kumene kholo lokalamba limakhala lokha.

Yambani ndi zinthu zitatu kapena zisanu zotsika mtengo, kuti zolakwa zoyamba zichitikire pamenepo, komanso kuti mupeze ndemanga za ogula musanaike zamtengo. M'kabuku lembani nambala ya chinthu, tsiku, mtengo, zolipira zonse ndi chotsala, ndipo mwezi uliwonse tumizani tsambalo kwa abale ngakhale asanafunse. Chinthu chikatha masiku 30 popanda wofunsa, sinthani chithunzi choyamba ndi mutu musanakhudze mtengo. Zikapanda kuthandiza, tsitsani ndi 10 peresenti. Chikafika miyezi inayi chili pomwepo, chichotseni, mufunsenso abale ndi adzukulu ngati pali wochifuna, ndipo ngati palibe, chiperekeni kwa munthu amene achigwiritse ntchito.