Momwe mungaphunzirire penti wa mafuta pokopera chithunzi cha namondwe panyanja

Wofuna kuzolowera penti wa mafuta asayambe ndi nkhope ya munthu. Ayambe ndi nyanja yolusa. Funde likapindika molakwika pang'ono palibe angakutsutseni, koma likuphunzitsani kuti kuwala kumaoneka pokhapokha pali mdima wokwanira.

Chithunzi chimene ndimalangiza ndi The Ninth Wave cha Ivan Aivazovsky, wojambula wa ku Russia, cha mu 1850, chomwe chili ku Russian Museum mumzinda wa St Petersburg. Anthu angapo akakamira mlongoti wa chombo chosweka, chifunde chikubwera, dzuwa likuboola mitambo. Chenichenicho ndi masentimita 221 ndi 332. Inu tengani kanivasi ya 40 ndi 60, kuti muyezo ufanane.

Mitundu isanu ndi umodzi ikukwanirani: titanium white (woyera), ultramarine (buluu), burnt umber (bulawuni), yellow ochre (wachikasu), viridian (wobiriwira) ndi alizarin crimson (wofiira). Onjezerani maburashi atatu, kampeni kosakanizira penti, mafuta a linseed, thina (wosungunulira penti) ndi nsanza. Wakuda musagule; ultramarine ndi umber zikasakanikirana zimapereka mdima wamoyo kuposa wa m'chubu.

Sindikizani chithunzicho, mulembe mabokosi papepala ndi pakanivasi, kenako mulondole mizere ikuluikulu yokha: pomwe thambo lakumana ndi madzi, msana wa funde, mlongoti. Mukatero pakani kanivasi yonse umber wosungunula kwambiri ndi thina, n'kupukuta ndi kansanza pomwe pali dzuwa ndi njira ya kuwala pamadzi. Tsegulani mawindo, thina amazunguza mutu. Umber amauma msanga, tsiku limodzi kapena awiri.

Tsopano ikani mdima. Tsinzinani pang'ono poyang'ana chithunzicho. Tinthu ting'onoting'ono timasowa, n'kutsala zigawo zakuda ndi zowala. Pentani zakudazo mopyapyala, kenako thambo, kuyambira padzuwa kumapita kunja, chikasu chisanduke kufiira pang'onopang'ono. Mtundu uliwonse womwe mwaika kuthambo muugwetserenso m'madzi.

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Ine ulendo woyamba dzanja linathamangira penti woyera, ndinkafuna thovu tsiku lomwelo. Woyerayo analowerera mu buluu wosauma ndipo nyanja yonse inangoti mbuu ngati phulusa. Ndinapala ndi kampeni, n'kuyambiranso. Woyera azidikira.

Lamulo lina losaphwanyika: penti wapansi akhale wa mafuta ochepa, wapamwamba wa mafuta ochulukirapo. Penti ameneyu sauma ngati madzi ouluka; mafuta ake amalimba pokoka mpweya, ndipo ochuluka amachedwa. Mukasemphanitsa, khungu lapamwamba limauma pansi pakadali pofewa, kenako ming'alu.

Gawo lomwe ndimalikonda ndi pamutu pa funde, pomwe dzuwa limadutsa m'madzi n'kuwasandutsa obiriwira ngati galasi. Pakani kaye malowo mowala, ochre ndi woyera, musiye ziume mpaka chala chisatenge kanthu. Ndiyeno tengani viridian pang'ono, dontho la linseed, mupake mopyapyala ndi burashi yofewa kuti zapansi zizionekera. Zikauma bwerezani, koma m'munsi mwa funde mokha. Kubiriwira kumeneko simungakupeze posakaniza penti, kumachokera pansi.

Thovu ndi lomaliza, ndipo si loyera lonse: mbali yoyang'ana dzuwa muthiremo ochre, yamthunzi kabuluu. Lipakeni mochindikala ndi nsonga ya kampeni, motsatira momwe funde lapindikira, ndipo madontho ouluka muwakhudze ndi burashi youma. Anthu a pamlongoti ndi timadontho takuda tochepa chabe, musavutike ndi nkhope.

Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona, zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni chotambasula kapena ziviikeni m'madzi. Vanishi adikire miyezi yosachepera 6, ngakhale pamwamba pataoneka pouma.