Kuzindikira ndi Kusunga Zojambula Zakale za Mbalame ndi Mitengo

Yambani ndi galasi lokulitsa kakhumi. Mukaona timadontho tamitundu tofoledwa mwadongosolo, dziwani kuti imeneyo ndi kope ya makina amakono. Pa chojambula chakale utoto ankaupaka ndi burashi, ndiye pena umadumpha mzere, pena umakhuthala.

Kenako yang'anani m'mphepete kuwala kukuchokera chammbali. Mbalame za John James Audubon, wojambula mbalame za ku America, zojambula 435 zimene zinasindikizidwa pakati pa 1827 ndi 1838, zambiri ku London kwa wosindikiza Robert Havell, zinagobedwa pa mkuwa umene ankadindira papepala. Chitsulocho chinkasiya kamzere kolowa kuzungulira chithunzi. Pepala lake ndi lalikulu, pafupifupi masentimita 99 ndi 66, ndipo mukaliunika pamawala mumaona dzina la wopanga pepalalo lakuti J Whatman ndi chaka. Koma kusowa kwa kamzereko kusakupusitseni: mbalame za John Gould, katswiri wa mbalame wa ku England, zinasindikizidwa pogwiritsa ntchito mwala, ndipo mwala susiya chidindo chotero.

Kusunga ndiye kumagwetsa ambiri. Dzuwa limafwifwitsa utoto, makamaka wofiira, ndipo ukapita subwerera. Chinyezi chikhale cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chikapitirira kwambiri pamatuluka nkhungu ndi mawanga ofiirira. Selotepi ndi guluu musayerekeze, zimasiya banga lachikasu losachoka. Goneketsani chojambula chilichonse mu pepala lopanda asidi, osapinda, pamalo okwera pomwe chiswe sichifika. Mukachiika mu felemu, galasi lisakhudze utoto. Mawanga musawachape nokha, madzi amasungunula utotowo.