Kuchotsa giyabokosi ya otomatiki pa Toyota Cressida n'kuikapo ya manual

Injini ya 22R ya mu Cressida siifa msanga. Chimene chimagonetsa Cressida za m'ma 1980 kuseri kwa nyumba ndi giyabokosi ya otomatiki. Imayamba ndi kuchedwa kulowa giya m'mawa, kenako oyilo wake amada n'kumanunkha zopserera, mapeto ake injini kumangolira galimoto osasuntha. Amakaniko oti aitsegule n'kuibwezera bwino ndi owerengeka mu Lilongwe muno, ndipo zipangizo zake mudzazidikira kuchokera ku Joni. Yanga ndinaikamo ya manual ya magiya asanu, W55. Ntchitoyi imatheka pakhomo bola mukhale ndi jeke yabwino, zochirikizira zachitsulo zinayi ndi mnzanu wa mphamvu zake. Njerwa musachirikizire, zimaphwanyika munthu ali pansi.

Poyamba sakani katundu, ndipo yense achoke pa galimoto imodzi. Mukufuna giyabokosi ndi ndodo yake ya magiya, flywheel (chimbale cholemera cha kumbuyo kwa injini pomwe klatchi imagwira) ndi mabawuti ake, mapedulo onse atatu pamodzi ndi chitsulo chomwe amamangidwapo, masilinda awiri a klatchi ndi paipi yake, propshaft (shafiti yaitali yopita ku matayala akumbuyo), komanso chitsulo chopingasa chomwe chimanyamula giyabokosi pansi. Mukatolera china ku Biwi, china ku Mchesi, china mu Malangalanga, mudzathera mwezi mukubweza zinthu. Ogulitsa ena adzakuonetsani giyabokosi ya Hilux n'kunena kuti "ndi 22R yomweyo bwana, ilowa basi." Kumanga pa injini imangadi, koma ndodo imakatulukira pena, ndipo giya yake yoyamba ndi yaifupi, yokokera matumba a chimanga.

Musanapereke ndalama, masulani bawuti yokhetsera oyilo muone. Tizitsulo tosalala ngati phulusa si nkhani, koma mukapeza zibenthu za mano isiyeni pomwepo. Pukusani shafiti ndi dzanja mukulowetsa magiya onse, rivesi yomwe. Za mitengo sindilemba pano chifukwa chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa Lolemba sufika Lachisanu. Chomwe ndinganene n'chakuti klatchi yokha mugule yatsopano, mbale zonse ziwiri ndi release bearing, beringi yomwe imakankha klatchi mukaponda pedulo. Yakale imaoneka yotchipa mpaka tsiku lotsitsanso giyabokosi.

Kutsitsa ya otomatiki sikovuta. Chotsani batire, khetsani oyilo, masulani propshaft, sitata, kebulo ya kickdown yomwe imapita ku kabureta, ndi mapaipi awiri opita ku rediyeta. Mabawuti a torque converter, chimphika chomwe chimalumikiza injini ndi giyabokosi ya otomatiki, amasulidwa limodzilimodzi mukutembenuza injini ndi sipanala kutsogolo. Chenjerani, converter imakhala yodzaza oyilo ndipo ndi yolemera. Giyabokosi ikatsika, chotsani chimbale chopyapyala chomwe converter imamangidwapo pamodzi ndi timbale take tochingira. Palibe chobwererapo pa zimenezi.

Tsopano penyani kumbuyo kwa crankshaft, shafiti yaikulu ya injini, pakati penipeni. Pali kabowo. Pa galimoto ya otomatiki m'kabowomo mumakhala mopanda kanthu, koma ya manual imafuna kaberingi kakang'ono kamene kamagwira nsonga ya shafiti ya giyabokosi, pilot bearing. Pa 22R ndi ka nambala 6201, mamilimita 12 m'kati, 32 kunja, 10 kuchindikala. Pa ntchito yonseyi palibe chotchipa kuposa kameneka, komanso ndi kamene kanandigwetsera giyabokosi kachiwiri.

Kanga ndinagula pa kashopu kena m'tauni, kali m'bokosi la dzina lodziwika, wogulitsa akulumbira kuti ndi orijino. Poyamba zonse zinali bwino. Kenako m'mawa wina rivesi inayamba kukukuta, giya yoyamba kumakana nditaima pa maloboti, ndipo ndikaponda klatchi pamamveka kulira kopyapyala komwe kamaleka ndikangochotsa phazi. Aliyense amene anamva anati ndi mpweya m'paipi ya klatchi. Tinapopa, tinasintha silinda ya pansi, osasintha kanthu. Chinali chakuti kaberingi kaja kanauma n'kugwira shafiti, ndiye ngakhale klatchi itaponderedwa mpaka pansi, injini imapitiriza kuzunguza magiya. Njira yodziwira ndi iyi: zimitsani injini, lowetsani magiya. Ngati akulowa mosalala injini ili chete koma akukana ikalira, ndipo foloko ya klatchi ikuyenda mokwanira mnzanu akaponda, vuto lili m'kati, lekani kuwononga mafuta a buleki.

Choncho gulani kotsekedwa ndi labala mbali zonse ziwiri, kwa ogulitsa maberingi enieni, osati pa tebulo la pamsewu. Kazungulizeni ndi chala: kabwino kamayenda mwakachetechete, kolemerera pang'ono ndi girisi. Kakamathamanga mopepuka n'kumachita phokoso, m'kati mulibe kanthu. Pukutani bowo lija dzimbiri lonse lichoke, chifukwa lakhala lapululu zaka makumi anayi. Pokhoma gwiritsani soketi yogunda mkombero wakunja wokha, pang'onopang'ono, kalowe mowongoka. Mukamenya pakati mwakapha kasanayambe ntchito. Yesaninso pa nsonga ya shafiti musanakhome, kuti muone ngati kakulowa bwino.

Kuchotsa kakufa kulinso ndi nzeru yake. Finyirani buledi m'bowo la pakati mpaka mudzaze, lowetsani chitsulo chokwana bwino pabowopo, menyani ndi hamala, onjezani buledi, menyaninso. Kamatuluka kokha kakukankhidwa cham'mbuyo.

Flywheel imangidwe ndi mabawuti ake, a otomatiki ndi aafupi. Alipo asanu ndi limodzi, amamangidwa modumphanadumphana mpaka 108 Nm. Bwerekani torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa bawuti, apa si pomangira mphamvu za nsima. Ngati nkhope ya flywheel ili ndi mizere kapena mawanga opsa, ipititseni kwa a lathe akaisalaze. Mbale ya klatchi ikhale pakati ndendende musanalimbitse. Shafiti yakale ya giyabokosi yodula imathandiza kuiika pakatipo. Giyabokosi ikakana kulowa sentimita yomaliza, musaikoke ndi mabawuti, igwedezeni mukupukusa kumbuyo kwake ili m'giya.

Mapedulo ndi ntchito yopweteka msana basi. Chotsani mpando, gonani chagada pansi pa chiwongolero, sinthani chitsulo chonse. Bowo la silinda ya pamwamba ya klatchi liyezeni pa galimoto yomwe mwachotsapo katundu, kenako boolani. Thirani mafuta a buleki a DOT 3 n'kupopa.

Zotsalazo mukuzidziwa. Propshaft, kebulo ya sipidomita, oyilo wa 75W-90 pafupifupi malita awiri ndi theka, labala wa pa ndodo kuti fumbi la Okutobala lisamalowe m'kati. Timabowo tiwiri ta pa rediyeta tingotsekedwa.

Pa mawaya, pulagi yomwe inkapita ku giyabokosi yakale ili ndi awiri a sitata ndi awiri a magetsi a rivesi. A sitatawo alumikizeni pamodzi, apo ayi kiyi idzangokhala chete. A rivesi apite ku switch ya pa giyabokosi yatsopano. Dziwani kuti mukatero galimoto izilira ngakhale ili m'giya, ndiye poiliza koyamba matayala akumbuyo akhale adakali m'mwamba, ndipo aliyense woiyendetsa pakhomopo muuzeni.