Kachikwama ka kumsana ndi chidindo cha pa Beitbridge

Anthu ambiri akamanyamuka ku Lilongwe kupita ku Joni, mtima wawo umakhala pa thumba lalikulu: ufa, nyemba, usipa, zitenje za abale. Thumba limenelo limalowa kunsi kwa basi ndipo simulionanso mpaka a kasitomu atalamula kuti katundu yense atsike. Chimene chimakusungani panjira ndi kachikwama ka kumsana, kosachoka pathupi ngakhale popita kukadzithandiza. Mmenemo muike pasipoti, foni ndi chaja, bukhu la kuchipatala, juzi, madzi akumwa, cholembera, ndi pepala lolembapo dzina, nambala ndi adiresi ya amene akukakulandirani. Pepalali musaliderere. Foni imatha moto musanafike ku Harare, ndipo wa imigireshoni akafunsa kumene mukukafikira, "kwa achimwene ku Joni" si yankho.

Basi yochokera ku Lilongwe kawirikawiri imatulukira pa Dedza n'kulowa Mozambique pa Calomue, pomwe za ku Blantyre zimadzera pa Mwanza ndi Zobue. Kenako mumawoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, mpaka Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo, polowera South Africa. Maboda ndi atatu, zidindo ndi 6, chifukwa paliponse pali chotuluka ndi cholowa. Imani pamzere nokha. Pa boda sipalephera anyamata aulemu kwambiri onena kuti "bwana, bweretsani ndikudinditsireni msanga". Chidindo chimene angakubweretsereni chikhoza kukhala chosalowa mu kompyuta, ndipo mudzazindikira tsiku lobwerera, mnyamatayo atadya kale ndalama yanu.

Wotchi musaisinthe, maiko onse anayiwa nthawi ndi imodzi. Amene mukulowera ku Tanzania pa Songwe ndinu oyenera kuonjezera ola limodzi. Koma ndalama imasintha: kwacha mphamvu yake imathera pa Dedza. Konzeranitu marandi ndi timadola ting'onoting'ono togulira chakudya ku Zimbabwe, chifukwa chenji ya dola yaikulu imavuta, komanso osintha ndalama a pamsewu amawerenga mwachangu kuposa maso a munthu wotopa.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mmalawi wa pasipoti wamba amalowa mu South Africa popanda visa kwa masiku osapitirira 30. Mukalandira pasipoti pawindo, musathamangire kubasi. Tsegulani, werengani tsiku limene alemba, chifukwa ofesala akhoza kukupatsani masiku ochepa kuposa amenewo. Ngati simukumvetsa, funsani pomwepo. Safunsa anadya phula. Kuyambira 2014, munthu wopitiriza masiku salipiranso chindapusa n'kumapita. Amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, chiletso chake ndi chaka chimodzi. Mukaposa pamenepo, ndi zaka zisanu. Wogwidwa ali m'kati mwa dziko akhoza kukapezeka ku Lindela, malo otsekera alendo opanda zikalata ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo.

Masiku 30 aja ndi ochezera, si ogwirira ntchito. Tonse timadziwa zimenezi, ndipo ambiri timapitabe. Sindingaweruze munthu amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza n'kumuthawa, iye n'kumanga katundu. Chimene ndimadandaula nacho ndi munthu wopita osadziwa kuti visa ya ntchito, mwa lamulo, imapemphedwa uli kwanu, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo kusintha ya mlendo kukhala ya ntchito uli komweko sikuloledwa kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Choncho munthu akakuuzani kuti ali ndi mnzake ku Home Affairs, unduna woona za mapasipoti ndi mavisa kumeneko, amene angamate pemiti m'pasipoti mwanu pofika Lachisanu, mukugula mlandu. Kupitiriza masiku ndi vuto, koma chikalata chachinyengo ndi vuto lina lalikulu, lofikitsa munthu kukhoti. Chimodzimodzi kutumiza pasipoti ndi dalaivala kuti ikadindidwe ku boda inu muli phee ku Rosettenville ku Joni.

Mukatsika pa Park Station, depoti yaikulu ya mabasi ku Johannesburg, musatuluke panja ndi katundu kukafunafuna njira. Khalani m'kati mpaka wokulandirani afike. Ngati ndi Juni kapena Julaye, juzi ija ivaleni basi isanaime: Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo chisanu chake m'mawa chimaposa cha ku Dedza. Kanthu kena kamene kamadabwitsa obwera kumene ndi soketi. Pulagi yathu ya mano atatu aphwatalala silowa m'makoma a kumeneko, kumene mabowo ake ndi ozungulira, ndiye gulani adaputa tsiku loyamba. Simu khadi imalembetsedwa pansi pa lamulo la RICA, ndipo amafuna pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala. Lembetsani m'dzina lanu. Simu yogula yolembetsa kale ikatsekedwa, simungaibwezeretse, pamene nambalayo ndi imene mayi kumudzi anasunga.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, kaya ma ARV, a BP kapena a shuga, pitani kuchipatala chanu musananyamuke, muwauze zaulendo, akupatseni okwanira ndi kalata yosamutsira. Manyazi pa nkhani imeneyi apha anthu amene boda sinawaphe.

Oyenda pandege kuchokera pa Kamuzu International Airport, makamaka opita ku maiko a Aluya, mawu anga ndi ochepa. Kontirakiti muiwerenge muli ku Lilongwe, m'chilankhulo chimene mukumva, ndipo kope lake litsale ndi m'bale. Tinamva za atsikana athu ku Oman amene analandidwa mapasipoti atangofika, n'kusowa pothawira. Jambulani tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi, mudzitumizire pa WhatsApp kapena imelo. Ikatayika, chithunzicho chimafulumizitsa zinthu ku ofesi ya kazembe wathu, monga ku Pretoria kapena ku Johannesburg, popempha chikalata chobwererera kumudzi.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa pa fomu iliyonse. Masabata oyamba, thupi limakhala litafika koma mutu ukadali ku Kawale kapena ku Area 25. Mumasintha mtengo wa buledi kukhala makwacha, mumadzuka usiku kuyang'ana foni. Nthawi imeneyi ndi imene anthu amalonjeza zambiri: malata, fizi, njinga yamoto ya kabaza. Musatchule chiwerengero cha ndalama musanalandire malipiro a miyezi ingapo ndi kudziwa lendi ndi thiransipoti. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, mpaka boma litaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, anali ndi machona awo. Ndikukhulupirira kuti ambiri mwa machona a lero sikuti anaiwala kwawo. Analonjeza zoposa mphamvu zawo, n'kuyamba kuopa kuyankha foni. Tumizani pang'ono pang'ono kudzera ku Mukuru kapena njira ina yovomerezeka, ifikire pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kumudzi muziwauza zoona ngakhale mwezi umene mulibe.

Musanagule foni yatsopano, funsani Amalawi anzanu, kumpingo kapena kumzikiti, za gulu lothandizana pa maliro, mulowe. Kunyamula thupi kuchoka ku Joni kudutsa maboda atatu aja kumafuna ndalama zambiri ndi zikalata zambiri, ndipo gulu limathandiza msanga munthu amene dzina lake lili m'kaundula ndipo wakhala akusonkha mwezi ndi mwezi.